Makilo Awiri a Fupa

3 Malichi

Achemwali anga okondedwa,

Moni kunyumbako. Muli bwanji, nanga Kadona akudzuka bwanji masiku ano? Kuno tili bwino, alamu anu ndi ana akupereka moni. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni inu mumayankhula ngati mukuitana kasitomala wa kutsidya kwa msewu, ine ndimangoti "eya, eya" osatolapo kanthu.

Khalani pansi, nkhani ndi yabwino. Zotsatira zonse zatuluka. Magazi anga ndi a Kadona akugwirizana, impso zanga zonse ziwiri zili bwino, ndipo adokotala avomera kuti imodzi ipite kwa mwana wanu. Ndinatuluka m'chipinda cha adokotala ndikumwetulira ndekha. Mwana amene ndinamunyamula ali wakhanda uja lero ndi namwali wa ku koleji, koma m'malo mokhala m'kalasi akukhalira kugona pa makina otsuka magazi. Zimenezi zithe basi.

Vuto lilipo limodzi, ndipo vutolo ndi mimba yangayi. Atandikweza pa sikelo inawerenga makilo 106. Adokotala anayang'ana sikelo, anayang'ana ine, n'kufunsa ntchito yanga. Nditati ndimaphika buledi anangopukusa mutu. Akuti munthu wonenepa chonchi samuchita opaleshoni yotereyi. Ndiyenera kufika pa 97 pofika pa 28 Epulo, tsiku limene adzandiyezenso thupi ndi magazi. Ndikakwanitsa, opaleshoni ichitika mu Meyi. Ndikalephera, malo athu apatsa ena, ife n'kukayambiranso kumbuyo kwa mzere. Inu amene munanditcha Fupa ndili mwana chifukwa cha kuwonda, sekani lero.

Anesi andiphunzitsa kadyedwe kena. Ndimadya kuyambira masana mpaka chakudya chamadzulo, kenako pakamwa ndimatseka mpaka masana a mawa lake. Madzi ndi tiyi wopanda shuga ndiye nditha kumwa nthawi ina iliyonse. Tangoganizani, Achemwali. M'mawa wonse ndili pa uvuni, mabanzi akutuluka otentha, ine kumangomeza mate. Anzanga amachita kudzadyera pamaso panga dala. Koma zikuyenda! Sabata imodzi yokha ndatsika makilo atatu. Alamu anu agula kasikelo kopondapo, kali pafupi ndi bedi, ndimakwerapo ndikangodzuka.

Mundilembere za Kadona. Akudya? Miyendo ija ikutupabe?

Ndine mlongo wanu,
Fupa

11 Malichi

Fupa mlongo wanga,

Moni, pamodzi ndi alamu ndi ana. Kalata yako ndinaiwerengera m'sitolo, ndinalira pamaso pa bambo wina amene ankagula loko, mpaka anavula chipewa kuganiza kuti kwagwa zovuta. Mulungu akudalitse, mwana wa mayi anga. Chibadwire sunandigawirepo theka la banzi osadandaula, lero ukupereka impso!

Kadona ali choncho. Ku makina amapita katatu pa sabata, akabwerako amangodziponya pa sofa, nsapato zili kuphazi. Dzanja limene amabayapo singano lija lachita kuda. Dzulo anandifunsa ngati asunge mabuku ake kapena angopatsa mnzake. Ndinati sunga, malume ako akuwonda chifukwa cha iwe. Anaseka, ndipo chaka chino ndinali ndisanamumvepo akuseka.

Tsono tamvera. Ine ndakalambira pa sikelo kuyeza misomali, masamu ake ndimawadziwa. Ngati ukutsika makilo atatu pa sabata, mwezi uno ukamatha ukhala utamaliza, Epulo yense n'kumangopuma. Usafooke. M'kalata iliyonse uzindilembera nambala pamwamba penipeni, moni asanayambe. Nambala imeneyo ndi imene ikundipatsa tulo masiku ano.

Alamu uwauze achepetse mafuta. Dzanja lawo pa botolo la mafuta ndimalidziwa.

Ndine mchemwali wako

24 Malichi

Achemwali,

103.

Munati nambala izikhala pamwamba, ndiye ndi imeneyo. Moni tsopano. Muli bwanji, nanga mwana?

Musakuwe, ndiloleni ndifotokoze, ngakhale kuti nanenso sindikumvetsa. Lachinayi ndinali 101. Lachisanu 100 ndi theka, mpaka ndinavina ndili ndi thaulo m'chiuno, ana n'kuthawa. Loweruka m'mawa, 103. Lachisanu madzulo ndinangodya mpunga ndi soseji, mbale imodzi, yomwe ija ya masiku onse. Makilo awiri ndi theka achokera kuti? Ngakhale ndikanameza mbaleyo ndi supuni yomwe sizikanakwana.

Ndinatsika, n'kukweranso. Ndinavula wotchi. Ndinasunthira sikelo ku bafa poganiza kuti pansi m'chipinda mwathu ndi popendekeka. Nditafika ku ntchito ndinakwera pa sikelo ya matumba a fulawa, iyo inati 104, koma apo ndinali ndi nsapato ndi epuloni. Abwana anandipeza nditaima pamenepo, anandifunsa ngati andilembe m'gulu la katundu wolowa kapena wotuluka.

Chodabwitsa n'chakuti lamba akunena zina. Ndabowola bowo latsopano, buluku ikuchita kugwa yokha, ndipo masitepe a ku ntchito ndikukwera osapumira panjira. Koma sikelo ikungosewera nane, lero kutsika, mawa kukwera, mkuja kuima. Kunena zoona mtima wanga suli m'malo. Anesi ndidzawaona pa 8 Epulo, ndikawafunsa.

Kadona musamuuze za nambalayi.

Fupa

1 Epulo

Fupa,

Moni. Kalata yako ndaiwerenga kawiri ndipo sindinaseke ngakhale pamodzi.

Za lamba usandiuze, adokotala sadzayeza lamba. Pa 3 Malichi unali 103, pa 24 Malichi uli 103. Masabata atatu apita pachabe, iwe uli kalikiliki kuvina ndi thaulo. Ine sikelo ndimadyera, Fupa. Ikakwera ndiye kuti wina waikapo kanthu. Misomali siberekana pa mbale ya sikelo, ndipo nyama ya munthu simera usiku umodzi popanda chimene walowetsa pakamwa.

Ndiye ndikufunsa bwinobwino, ngati mkulu wako. Kodi mabanzi aja ukungowayang'anadi? Ngati dzanja likumatsetsereka, nena, ndiwe munthu, tiona chochita. Koma ngati si ku ntchito ndiye kuti ndi kunyumba. Akuphika ndani? Akukupakulira ndani? M'poto ukumaonamo zimene zikulowa? Ine sindikutchula munthu, ndikungofunsa. Si onse amene anasangalala ndi nkhani ya impsoyi, zimenezo ndikudziwa ngakhale palibe wandiuza.

Lamlungu Kadona anadzuka akubanika, ndinachita kumukhazika tsonga ndi mapilo atatu kuti apeze mpweya. Anandigwira dzanja n'kufunsa kuti, "Amalume afika pa zingati?" Ndinanama, ndinati 99. Usandisandutse wabodza kawiri.

Yankha msanga, nambala pamwamba.

Mchemwali wako

9 Epulo

Alamu anga,

Moni wa ulemu. Ndikhulupirira kuti Kadona akupezako bwino, timamupempherera tsiku lililonse. Ndalemba ndine chifukwa mlongo wanu atawerenga kalata yanu anaipinda n'kukakhala pakhonde, cholembera osachikhudza.

Mwafunsa wophika. Ndine. Wopakula ndinenso. Chiyambire Malichi nanenso sindidya m'mawa, kuti asamve kulira kwa supuni. Ana amadyera kadzutsa kukhitchini chitseko chili chotseka, ngati akuba m'nyumba ya bambo awo. Botolo la mafuta limene ndinagula mwezi watha silinafike ndi pakati pomwe.

Dzulo tinapita limodzi kwa anesi. Pa sikelo ya kuchipatala ali 100. Anesi atifotokozera kuti thupi la munthu limasunga madzi n'kumawataya. Akadya zamchere kapena mpunga wambiri, akagona mochedwa, ngakhale akakhala osapita kuchimbudzi, sikelo ikhoza kukwera ndi kilo imodzi kapena awiri, mawa lake n'kutsikanso. Akuti ngakhale makilo atatu a sabata yoyamba aja, ambiri anali madzi. Mafuta enieni amachoka pang'onopang'ono, ndipo akuchokadi. Atatu otsalawa ndi otheka, koma mpata ndi wochepa.

Alangiza kuti aziyeza kamodzi pa sabata, m'mawa, asanadye. Mwina simukudziwa kuti ankakwera pa sikelo akadzuka, akabwera ku ntchito, akamwa madzi, akachoka ku bafa. Ikakwera ankakana chakudya, mawa lake n'kumachita chizungulire pa uvuni. Ndiye kasikelo kaja ndakatsekera m'sutikesi, kiyi ali ndi ine. Kazituluka Lamlungu lokha.

Sindikubisirani, alamu, ndili ndi mantha. Ana athu ndi ang'onoang'ono, ndipo bambo awo akavula malaya ndimayang'ana m'nthitimo pamene adzachekepo. Koma mantha angawo ndimadya ndekha, sindimuthirira m'mbale.

Ndine mlamu wanu

16 Epulo

Fupa,

Kalatayi ndaitumiza ku ntchito kwako dala, kuti ifike m'manja mwako osadutsa mwa wina. Moni.

Mkazi wako wavomera ndi dzanja lake zinthu ziwiri. Akuti akuopa, ndipo akuti wabisa sikelo. M'sitolo muno munthu akabisa sikelo timadziwa chimene akuchita. Za madzi akunenazo akauze ana. Madzi a makilo awiri akhala pati mwa munthu amene wangochoka kukataya madzi? Lero ndi madzi, mawa adzati ndi mphepo, pa 28 adzati pepani tinayesetsa. Iwe maso uli nawo koma ukutsogoleredwa ngati wakhungu.

Lolemba Kadona anamugoneka m'chipatala, anali pa okosijeni mpaka dzulo. Dokotala wa kuno wandiitanira pambali n'kundiuza kuti mitsempha ya m'dzanja ikutha, malo obayapo singano atsala ochepa. Ndinamufunsa kuti akatha ndiye kuti chiyani, anangoyang'ana pansi. Ndili ndi mwana mmodzi, Fupa. Bambo ake anapita, wina sindidzaberekanso.

Ngati wasintha maganizo, undiuze poyera, ndiyambe kukonza mtima wanga. Impso ndi yako, palibe angakulande. Koma usadzabisale kumbuyo kwa sikelo. Ukadzalephera pa 28 ndidzadziwa kuti unasankha, ndipo tsiku loika mwanayu m'manda usadzavutike n'kubwera.

Mchemwali wako

22 Epulo

Amalume anga a Fupa,

Moni! Muli bwanji, nanga azakhali ndi tiana tija? Ine ndatuluka m'chipatala, musade nkhawa. Ndikulemba ndili pa makina, dzanja limodzi lili ndi mapaipi, ndiye mukhululuke zilembo zangati mapazi a nkhukuzi. Amayi sakudziwa kuti ndalemba.

Iwo amaganiza kuti munthu akatseka maso ndiye kuti makutu atsekanso. Ndili ku wodi ankauza mayi wa bedi loyandikana nkhani yonse, ya 103, ya sutikesi, mpaka mawu amene anakulemberani. Amalume, ndinachita manyazi mpaka ndinafunda kumutu.

Za sikelo mukanafunsa ine, katswiri wake ndili pano. Tsiku lililonse la makina amandiyeza polowa ndi potuluka. Lero ndalowa ndili 54, ndikamatuluka ndikhala 52. Mukuganiza kuti ndikhala nditawonda pofika masana? Ndi madzi basi, amene makinawa akuchotsa. Lachinayi ndidzabwera nawonso makilo ena awiri. Amayi sanaonepo zimenezi chifukwa amaopa magazi a m'mapaipi, amandidikira panja. Nditawafotokozera anati ndikukuikirani kumbuyo chifukwa mumandibweretsera makeke. Ndinawauza kuti amalume si msomali, anandikalipira.

Ndiye chonde musachite zinthu zoopsa chifukwa cha kalata ija. Muzidya pa nthawi yanu, ndipo muzimwa madzi ambiri. Ine madzi amachita kundiyezera ndi kakapu, ndimalota ndikumwa pa mpopi mpaka kukhuta. Inu amene muli ndi impso ziwiri zogwira ntchito, muzindimwerako. Imene mukundisungirayo ndikuifuna yonyowa bwino.

Akadzakubwezani pa 28 sindidzakwiya. Ndikuopa, inde, sindinama. Koma ndikudziwa kuti munthu wothawa sangapirire fungo la mabanzi miyezi iwiri.

Ndine mwana wanu,
Kadona

23 Epulo

Achemwali,

98.

Kalata yanu inandipeza ku ntchito Lolemba. Sindiyankha zonse. Chimodzi chokha, mkazi wanga musadzamutchulenso motero.

Sutikesi ndathyola loko. Ndipo njira ndaipeza. Ngati ndi madzi amene akukweza sikelo, ndiye madziwo ndawaleka. Ndikumamwa kakapu kamodzi madzulo, masana ndimangonyowetsa milomo. Ndapemphanso abwana kuti andiike pa uvuni waukulu wa kumbuyo, kumene thukuta limachita kuyenderera mpaka m'nsapato. Sikelo tsopano ikumvera, ikungotsika osakweranso. Mutu ukuwawa ndipo lilime likumakakamira kukamwa, koma ndi za masiku ochepa. Alamu anu sakudziwa, tiyi amene amandipangira ndimathira m'sinki.

Pa 28 mudzamva 97 kapena kucheperapo. Ku maliro a Kadona sindidzabweradi, chifukwa sadzachitika.

Fupa

30 Epulo

Alamu,

Moni sindipereka wambiri. Mlongo wanu ali m'chipatala.

Lolemba tinapita monga anatiuzira. Anakwera pa sikelo, inati 96 ndi theka. Anandiyang'ana n'kumwetulira, milomo ili yong'ambikang'ambika, ine n'kumaganiza kuti ndi kutentha kwa uvuni. Potenga magazi anesi anavutika kupeza mtsempha. Tikudikira pa benchi anati akuona mdima, ndisanayankhe anagwa chafufumimba, chipumi n'kumenya pansi.

Magazi asonyeza kuti impso zake zikugwira ntchito ngati za munthu wodwala. Atatsitsimuka anaulula kwa adokotala kuti wakhala sabata yathunthu osamwa madzi, ali pa moto tsiku lonse. Sindinaonepo dokotala atakwiya chonchija. Opaleshoni ya mu Meyi aichotsa, malo apatsa ena. Akuti mwina ndi kuuma kwa thupi chabe ndipo impso zibwerera, mwinanso wazivulaza. Sakudziwa. Ali pa diripi, ndipo m'mawa uno atamuyeza anali 99, popanda chimene wadya.

Kalata yanu ya pa 16 ndinaipeza m'thumba la epuloni pochapa. Ndaiwerenga yonse. Ya Kadona inafika dzulo, ikuoneka kuti inagona ku positi. Ndinamuwerengera ku wodi, anatembenukira kukhoma ndipo mapewa ankagwedezeka.

Nambala munkaifuna ija ndi 96 ndi theka. Mwaipeza. Musaimbe foni, sindiyankha.

Mlamu wanu

6 Meyi

Alamu anga,

Moni, ngati mungaulandire. Ali bwanji Fupa? Watuluka? Akudya, akumwa? Chipumi chija anasoka?

Kalata yake ya pa 23 ndi yanu zinafika motsatana. Nditawerenga yake ndinaima pakati pa sitolo ngati wamisala, ndikufuna kukuwa kuti imwa madzi, pamene zonse zinali zitachitika kale.

Loweruka ndinalowa m'chipinda cha makina koyamba. Ndinaima pambali pa sikelo, Kadona anakwera, 54. Ndinakhala pamenepo kuyang'ana magazi a mwana wanga akuzungulira m'mapaipi, sindinathawe. Pomaliza anakweranso, 52. Anesi analemba ngati si kanthu. Ine ndinakagwira khoma. Munandilembera zimenezi bwinobwino, mwana anandiuza, ine n'kukakamira misomali yanga.

Ndinakunamizirani, alamu. Ndinatenga mantha anu, amene munandiuza mwaulemu, n'kuwasandutsa mlandu. Mlongo wanga ndinamukankhira pa moto ndi cholembera. Pepani. Ndilibe mawu ena oposa amenewo.

Ndimafuna kulemba kuti za impso sindikufunsa, ndikungofunsa za moyo wake. Koma likhala bodza, ndipo mabodza andikwana. Ndikufunsa zonse ziwiri. Ndine mchemwali wake, ndinenso mayi.

Mlamu wanu wolakwa

17 Meyi

Alamu,

Moni. Sindinamve kanthu. Mwina kalata yanga inasochera, mwina simukufuna kuyankha, ndipo ngati ndi choncho sindikudandaulani.

Kadona sakundiyankhula kupatula "eya" ndi "ayi". Dzanja lamanzere lakana, tsopano akumubaya lamanja. Wa positi akamadutsa ndimasiya kasitomala pa kauntala n'kuthamangira pakhomo.

Mzere umodzi wokha, alamu. Mungondiuza kuti ali moyo ndipo akuyenda.

Ndine ndemwe

26 Meyi

Alamu anga,

Moni, pamodzi ndi Kadona. Makalata anu onse awiri anafika. Sindinayankhe chifukwa dzanja langa likanalemba zinthu zoti sindikanatha kuzifufuta.

Mlongo wanu ali moyo ndipo akuyenda. Wabwerera ku ntchito, abwana amuchotsa pa uvuni, ali pa kauntala ndi botolo la madzi pambali. Magazi amuyeza kawiri ndipo impso zabwerera m'malo mwake. Kadyedwe kaja akupitiriza, amayezedwa kuchipatala kokha, ndipo adokotala akhutira ndi thupi lake. Nambala sindilemba.

Koma panatsala nkhani ina. Adokotala anati munthu amene wadzizunza chonchija ayenera kuti pali chimene chikumuthamangitsa, ndipo iwo salandira impso ya munthu wokakamizidwa. Anamufunsa payekha kangapo, iye ankangoti ndikufuna ndekha. Sanakhutire. Lachinayi anaitana ine, ndekha, m'kachipinda ka mlangizi wa pachipatalapo. Mlangiziyo ndi mayi wofatsa, anatseka chitseko, anandithirira madzi m'kapu, n'kunena kuti chimene ndiyankhule sichituluka m'chipindamo. Kenako anafunsa kuti, "Mayi, kodi amuna anu akukakamizidwa?"

Kalata yanu ya pa 16 Epulo inali m'chikwama changa, pamiyendo panga. Ndikanangoitulutsa n'kuiika patebulo, nkhani ikanathera pomwepo. Bambo a ana anga akanakhala ndi impso zawo zonse ziwiri, mpeni osawakhudza. Iwo akanangouzidwa kuti achipatala akana, inunso chimodzimodzi, ndipo palibe akanadziwa kuti ndine. Ndinagwiritsitsa chikwamacho mpaka mayiyo anandifunsa ngati ndili bwino. Zipi ya chikwama ndinatsegula, alamu. Musaganize kuti sindinafune.

Chinandigwira dzanja si inu ayi. Ndinakumbukira kuti munthuyu anapita kukayezetsa magazi mu Januwale osauza aliyense, ngakhale ine, inu musanapemphe n'komwe. Anabwera ndi kathonje pamkono n'kunama kuti walumidwa ndi kachilombo. Ndiye ndinauza mayiyo zoona. Ndinati kuleka madzi anakakamizidwa, ndi mantha komanso ndi mawu owawa a mchemwali wake. Koma kupereka impso anasankha yekha, ndipo ndikamuletsa lero adzakhala nane m'nyumba ngati mlendo moyo wake wonse. Anandifunsa ngati ineyo ndikuvomera. Ndinati ndikuopa, koma ndikuvomera. Nditatuluka ndinakalira kuchimbudzi cha chipatala mpaka woyeretsa anagogoda.

Opaleshoni ili pa 24 Juni. Kadona akufunika kuno sabata imodzi tsikulo lisanafike, za makina ake akonza kale kuti azidzapangira konkuno. Mudzafikira kwathu. Ana ndawasamutsira pabalaza, chipinda chawo ndi chanu. Kukhululuka sindinafikepo, musandifulumizitse, koma bedi ndayala.

Ndili ndi pempho limodzi. Akuti tsikulo woyamba kulowa m'chipinda cha opaleshoni ndi mlongo wanu, Kadona adzakhala adakali ku wodi. Ndikudziwa kuti mtima wanu udzakhala pa mwana, koma mudzamusiye pang'ono ndi anesi, mudzabwere mudzaperekeze mlongo wanu mpaka pachitseko. Miyezi itatu yonseyi mwakhala mukumufunsa kulemera kwake. Tsikulo mudzamufunse ngati akuopa. Akuopa, alamu, amabisa ndi nthabwala zake zija, ndipo wa kwawo amene wamufunsapo palibe.

Ndine mlamu wanu